Mwana wanga anabadwa masiku osakwana: zipinda zimene tinadutsamo ku Gulupu

Amayi ambiri kuno ku Blantyre akamva mzamba akuti "mayi, tikutumizani ku Gulupu," nkhongono zimafooka. Mumtima timati basi zavuta, mwinanso timati anesi a pachipatala chaching'onochi akungofuna kutichotsa m'manja mwawo. Ukafika ku Gulupuko, kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chimene timachitchulanso kuti Queens, mwana wako amasamukanso kangapo: lero ali pamakina, tsiku lina amuchotsapo, kenako akukuuza kuti mutengeni muzigona naye pachifuwa. Anesi amafotokoza ndithu, koma mutu wa mayi amene wangochira kumene, mwana wake ali pakati pa moyo ndi imfa, sugwira kanthu. Umangoti "chabwino" usanamve n'komwe.

Ine ndinadutsamo. Mwana wanga wamkazi anabadwa mimba ili ndi masabata 31, akulemera makilogalamu 1.4. Pano akuthamanga, ndipo mafunso ake satipatsa mpata wopuma. Zimene ndinazimvetsa pang'onopang'ono ndili m'chipatala ndikufuna mayi wina azidziwe asanafikeko, makamaka ichi: chisamaliro cha ana ongobadwa kumene chili m'magawo, gawo lililonse lili ndi ntchito yake, ndipo kumusuntha mwana kuchoka pena kupita pena ndi mbali ya chithandizocho.

Mimba yokwana imatenga masabata pafupifupi 40. Mwana akabadwa masabata 37 asanakwane, achipatala amati ndi wosakwana masiku. Akalemera zosafika makilogalamu 2.5 amamuwerengera m'gulu la ana ochepa thupi, ngakhale masiku ake atakwana. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Lipoti limene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana 18 pa 100 alionse obadwa nthawi isanakwane. Malungo mayi ali ndi pakati, matenda a m'njira ya mkodzo, kuthamanga kwa magazi, mapasa, kutenga pakati uli wachichepere, zonsezi zimatha kuyambitsa matenda msanga. Koma kawirikawiri chifukwa sichipezeka, ndipo kwa ine sichinapezeke. Ndanena zimenezi dala, chifukwa kunyumba sikusowa wina wofufuza kuti analakwa ndani, kaya mayi ananyamula zolemera, kaya bambo anayendayenda. Milandu imeneyo siwonjezera ngakhale galamu imodzi pa sikelo ya mwana.

Ineyo nsupa inasweka usiku, mimba isanayambe n'kupweteka komwe. Amuna anga anadzutsa aneba a galimoto, tinathamangira kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu kumene ndinkapanga sikelo. Mzamba anatsegula buku langa, anawerenga masabata, anamvetsera mtima wa mwana, kenako anati, "Mayi, mwanayu akabadwira pano adzafuna zinthu zimene ife tilibe. Ndi bwino apite ali m'mimba momwemo, muli motentha." Analemba kalata n'kuitana ambulansi.

Mawu amenewo ndimawabwereza kwa mnzanga aliyense woyembekezera. Kamwana ka kilogalamu imodzi ndi theka kamataya kutentha msanga kwambiri. Ulendo wa usiku wochokera ku Chileka kapena ku Mpemba, makamaka mu June ndi July chiperoni chikuwomba, ungathe kukafikitsa kali zii, ndipo kuzizirako kumakoka mavuto ena: shuga amatsika, kupuma kumavuta. Ngati mwana wabadwa kale ndipo mukupita naye kuchipatala chachikulu, muikeni pachifuwa panu khungu ndi khungu, chipewa kumutu, nsalu pamwamba. Kumukulunga m'bulangete n'kumunyamula m'manja sikokwanira, chifukwa bulangete limangosunga kutentha kumene thupi lapanga, pomwe kamwana kotere sikanayambe kupanga kokwanira.

Zipatala zazing'ono monga za ku Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi South Lunzu ndizo gawo loyamba, ndipo si zopeputsa ayi. Ana ambirimbiri a m'tauni muno amabadwira kumeneko bwinobwino. Amamupukuta mwana, kumuika pachifuwa pa mayi ake, kuonetsetsa kuti wayamwa ola loyamba lisanathe, kusamala mchombo, kumupaka mankhwala m'maso, kumuika pa sikelo, ndipo akachedwa kulira amamupopera mpweya ndi kachipangizo kofinya ndi manja. Ntchito yawo ina yaikulu ndi kuzindikira msanga mwana amene si wa pamenepo. Gawo lachiwiri ndi nasale ya ana odwala ndi ochepa thupi, kumene kuli okosijeni, makina othandiza kupuma, magetsi ochizira matenda a chikasu, madiripi, ndi anesi oyang'anira makanda okhaokha usana ndi usiku. Ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu kapena Mwanza, gawo limeneli limapezeka pachipatala chachikulu cha m'bomalo, ndipo amangotumiza kutsogolo zimene zawakanika. Blantyre ilibe chipatala chapakati chotero. Ukachoka pachipatala chaching'ono umalunjika ku Queens, kumene gawo lachiwiri ndi lachitatu zili pamalo amodzi. Ndiye kutumizidwa ku Gulupu pakokha sikutanthauza kuti mwana ali kayakaya. Inu amene mukupanga sikelo kuchipatala cholipira kapena cha mishoni, funsani nthawi ikadalipo kuti mwana atabadwa masiku osakwana angamusamalire mpaka pati, ndipo akakanika amamutumiza kuti.

Nditafika ku Chatinkha, mbali ya amayi oyembekezera ku Gulupuko, anandibaya jakisoni wa dexamethasone, wokhwimitsa mapapo a mwana akadali m'mimba. Mankhwalawa amafuna nthawi kuti agwire ntchito, n'chifukwa chake si bwino kukhala kunyumba kudikira kuti kuche nsupa ikasweka kapena mimba ikayamba kupweteka masiku asanakwane. Mwana anabadwa tsiku lotsatira. Analira kamawu kochepa, anandionetsa pang'ono, n'kupita naye ku nasale.

Chimene chimakulonjera mu nasale ndi kutentha. Umalowa utasamba m'manja mpaka m'zigongono, ndipo pasanathe nthawi thukuta lili kamukamu, pakuti chipindacho amatenthetsera anawo, osati ife. Wanga ndinamupeza pakabedi kokhala ndi chotenthetsera pamwamba, atavala chipewa ndi thewera lokha. Khungu lake linali lofiira, lopyapyala moti timitsempha tinkaonekera, m'mapewa muli tiubweya. Akamakoka mpweya pansi pa nthiti pankalowa mkati, ndipo potulutsa ankabuula. M'mphuno mwake munali timapaipi tiwiri tomangirira kuchipewa, ndipo pambali panali botolo la madzi limene linkangobwatabwata osaleka, chikhalirecho madziwo ndi ozizira. Amenewo ndiwo makina a CPAP.

Nesi wina wachikulire, atandiona ndaima pamenepo ndikungoyang'ana botolo, anandifotokozera mofatsa. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono tolandira mpweya. Mwa mwana wokwana masiku timatumbato timakhala ndi timadzi toterera totithandiza kuti tisatsekeke, koma mwa wosakwana masiku timadzito timakhala tochepa. Akatulutsa mpweya timatumbato timamatirirana ngati jumbo yonyowa mkati, ndipo kuti atitsegulenso amagwiritsa ntchito mphamvu zambiri, mpaka amatopa. Makinawa sapumira mwana. Iye amapuma yekha, makina amangokankha kampweya pang'ono nthawi zonse kuti timatumbato tikhale totsegula, ndipo kuchuluka kwa madzi m'botolo muja ndiko kumaika mlingo wa mphamvu ya mpweyawo. Makina ambiri otere m'zipatala zathu ndi a mtundu wa Pumani, amene anapangidwa ndi a ku Rice University ku America mogwirizana ndi madokotala a ana a ku Queens ndi College of Medicine. Anayesedwa pa ana pachipatala chomwechi mu 2012 asanafalikire m'zipatala za m'maboma. Oyambirirawo ankayendera timapampu topopera mpweya m'mathanki a nsomba zoweta m'nyumba, kuti akhale otsika mtengo ndi osavuta kukonza.

Mayi amene mwana wake ali pa CPAP ali ndi ntchito yake pamenepo. Khutu lanu lizolowere kubwata kwa madziwo. Akaleka, kawirikawiri ndiye kuti kapaipi kachoka m'mphuno kapena mpweya ukuthawira pena, ndipo muitane anesi nthawi yomweyo. Koma pokhotetsera okosijeni musagwirepo. Mayi umalakalaka utawonjezerako kuti mwana apeze bwino msanga, chonsecho okosijeni wopyola muyeso amatha kuononga maso a mwana wosakwana masiku. Kachipangizo kowala mofiira kamene amamanga kuphazi kaja ndiko kamawauza anesi mlingo umene akufunika.

Gawo lachitatu mwana wanga sanafikeko. Ndi la ana amene sangathe kupuma okha mpaka makina aziwapumira kudzera m'paipi yolowa kukhosi, ndiponso amene akufunika opaleshoni, monga obadwa matumbo ali panja kapena njira ya chimbudzi ili yotseka. Ku Queens maopaleshoni a ana amachitikira ku Mercy James Centre, imene inatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la bungwe la Raising Malawi, ndipo kumeneko kulinso chipinda cha ana odwala kwambiri. Ana ambiri osakwana masiku safunika zimenezo. Zimene zimawapulumutsa ndi kutentha, mpweya, mkaka ndi kuwateteza ku matenda.

Nkhani ya mkaka ndiyo inanditopetsa kuposa zonse, komanso ndi imene inandipatsa chochita m'malo mongolira. Mwana asanafike cha m'ma masabata 34 satha kugwirizanitsa kuyamwa, kumeza ndi kupuma. Wanga anayamba ndi diripi, kenako anamulowetsa kapaipi kofika m'mimba. Tsiku loyamba ndinafinya bere mpaka misozi, n'kutuluka timadontho tachikasu tosakwana kunyowetsa pansi pa kapu. Ndinkafuna kubisa chifukwa cha manyazi, koma nesi anatikoka ndi jakisoni wopanda singano n'kunena kuti, "Amenewa ndi mankhwala, mayi, musataye ngakhale dontho." Pokama musafinye nsonga ya bere. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi, m'mphepete mwa pakuda paja, kankhirani cha kuchifuwa kenako panani, mukusinthasintha malo. Mkaka umabwera mukamakama pafupipafupi, usiku womwe. Ana aang'ono kwambiri amamwa maola awiri alionse, okulirapo maola atatu, ndipo mlingo wake amalemba m'mamililita, n'kumawonjezera pang'onopang'ono akaona kuti mimba ikulandira. Ndiye pakati pa usiku unkationa amayi tili pamzere m'khonde, zitenje m'chifuwa, makapu m'manja, ena a opaleshoni akuyenda atagwira pamimba. Achemwali anga, amene anali gadiyani wanga, ankandikakamiza phala ndi thobwa ngakhale ndisakufuna, ndipo anachita bwino.

Musadabwe sikelo ikatsika m'masiku oyamba. Wanga anatsika kufika cha m'ma makilogalamu 1.3 ndipo ndinasokonezeka, koma makanda onse amayamba atsika asanakwere. Chikasu nacho chinabwera. Anamugoneka pansi pa magetsi a buluu atamuphimba m'maso, ndipo kuwalako ndiko kumaswa chikasucho kuti chituluke m'thupi chisanafike ku ubongo. Ankamubayanso mankhwala a matenda a m'magazi kudzera pa kanyula wa pamkono, chifukwa nsupa inasweka nthawi yobadwa isanakwane, komanso ankamupatsa mankhwala omukumbutsa kupuma. Ana otere amatha kungoleka kupuma kwa kanthawi ali m'tulo. Anatiphunzitsa kuti zikatero umusisite kumsana kapena kumugirigisha kuphazi uku ukuitana anesi mokweza, osachita manyazi ndi phokoso.

Sindinama kuti onse amene tinali nawo anatuluka ndi ana m'manja. Mayi wina amene tinkakhala limodzi pokama mkaka, wake anali wosafika kilogalamu imodzi, ndipo m'mawa wina sanabwerenso pamzere. Sanalakwitse kalikonse, ankadzuka usiku monga ife tonse. Mwana akachepetsetsa, ngakhale makina ali ndi polekezera.

Kupuma kwa mwana wanga kutayamba kukhazikika, anamuchotsa pa CPAP n'kumusiyira okosijeni wa timapaipi tating'ono, kenako anachotsanso ameneyo. Tsiku lina adokotala atazungulira anati tikupita ku wodi ya kangaru, kumene mayi amasunga mwana pachifuwa pake khungu ndi khungu. Apa ndi pamene mantha anandigwira kuposa tsiku lolowa. Mu nasale munali makina olira chinthu chikavuta, ndiye andipatse kamwana kosafika makilogalamu awiri kuti ndizigona nako ine? Ndinati, "Anesi, osamusiya kaye pomwepa akuleko?" Iwo anati, "Mayi, makina amaliza mbali yawo. Yatsalayi ndi yanu."

Kangaru si njira yongopeputsira ntchito anesi, ndipo si ya amphawi okha. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno wodi yoyamba inatsegulidwa pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kafukufuku amene anachitika ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, Queens ili m'gulumo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti mwa ana olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8, kuyamba kangaru atangobadwa, osadikira kuti ayambe akhazikika, kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2022 bungwe la WHO linasintha malangizo ake motsatira zimenezo. Choncho ngakhale mwana wanu akadali ndi timapaipi, funsani ngati n'zotheka kumuika pachifuwa.

Kamangidwe kake kamafuna kuonetsedwa ndi maso, koma ndiyesa. Mwana amavala chipewa, masokosi ndi thewera basi. Mumamuimika pakati pa mabere, mimba yake itagunda thupi lanu, miyendo itapindika m'mbali, mutu utatembenukira kumbali ndi kudzuka pang'ono kuti khosi lisapindike. Chitenje chimadutsa m'munsi mwa khutu lake, n'kumanga molimba ndithu kuti mukawerama asapendekeke, koma osamupana pamimba. Pamwamba mumavala malaya otsegula kutsogolo. Pogona simugona chagada kwenikweni, mumatsamira mapilo. Ndipo ndi usana ndi usiku, kupatula pomusintha thewera ndi pomumwetsa. Msana umapweteka, thukuta limayenderera, nthawi zina amakukodzera, ndipo tulo timakhala ta mbali imodzi. Ukafuna kukasamba kapena kupita kuchimbudzi, wina amamulandira pachifuwa pake, osati pabedi. Kwa ine anali achemwali. Amuna anga atabwera kudzationa anaima chapatali manja kumbuyo, mpaka nesi anati, "Abambo, masulani malayawo, chifuwa chanunso n'chotentha." Anachita manyazi pamaso pa amayi onse aja, koma atamumangirira mwanayo sanafunenso kumubweza msanga.

Kumeneko ndi kumene anachoka pa kapaipi n'kuyamba kumwa ndi kakapu. Sumuthira mkaka m'kamwa, umangogunditsa kapu pamlomo wa m'munsi mkaka ufike m'mphepete, iye n'kumanyambita yekha. Kenako tinayamba kumuyesa kubere asanamwe za m'kapu. M'mawa uliwonse kunali sikelo, ndipo amayi tinkauzana magalamu mokweza wodi yonse kumva. Amafuna mwana aziwonjezera magalamu pafupifupi 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye kwa wanga magalamu 20 anali nkhani yoimbira foni kumudzi. Potitulutsa sanadikire kuti afike makilogalamu 2.5. Anayang'ana kuti akudya bwino, sikelo ikukwera masiku otsatizana, thupi likukhala lotentha, ine ndazolowera kumanga, ndipo kunyumba kuli wondilandira.

Kunyumba kangaru amapitirira, ndipo kumeneko ndiye kuli aphungu ambiri. Mu minibasi popita kusikelo agogo ena anandiuza kuti mwana amaberekera kumbuyo, ndimupinda msana. Apongozi anga, amene amandikonda ndithu, anabwera ndi mankhwala osambitsa mwana kuti akhwime. Amuna anga ndi amene anawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, achipatala aletsa kumusambitsa mpaka atakula, tizingomupukuta." Nkhani zotere ndi bwino aziyankha mwana wawo, osati mkamwana. Sitinamupatse madzi kapena mankhwala a zitsamba, kaya a m'mimba kaya a liwombo, koma mkaka wa m'mawere ndi zimene anatilembera kuchipatala. Odzaona mwana ankamuonera pachifuwa panga, wa chifuwa kapena chimfine ankalonjera ali pakhomo. Ndipo musayatse mbaula ya makala m'chipinda chotseka pofuna kumutenthetsa, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete, akulu omwe.

Musanatuluke m'chipatala funsani kuti mwana akadwala mudzalowere khomo liti, chifukwa usiku si nthawi yofunsa njira. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Akazizira ngakhale ali pachifuwa, akatentha, akakana kuyamwa, akafooka osagwedezeka, akamapuma kopitirira ka 60 pa mphindi, chifuwa chikamalowa mkati, akamabuula kapena kuleka kupuma, akamakomoka, mimba ikatupa, mchombo ukafiira kapena kutuluka mafinya, chikasu chikafika m'zikhatho ndi kumapazi, nyamukani nthawi yomweyo, mwana pachifuwa, buku m'manja. Kamwana kotere kamasintha m'maola ochepa, ndiye zodikira kuti tione mawa zisakhalepo.

Masiku obwerera kusikelo amene akulemberani musadumphe mpaka mwana atafika makilogalamu 2.5, pomwe nayenso amayamba kukana kumangidwa. Funsaninso za katemera, kuti ayamba liti, komanso ngati maso ndi makutu ake akufunika kuunikidwa. Pakakulidwe, muziwerenga msinkhu wake mutachotsapo masabata amene anafulumira. Wanga anafulumira ndi miyezi iwiri, ndiye ali ndi miyezi isanu ndi umodzi ankachita za mwana wa miyezi inayi, ndipo kunalibe chovuta, ngakhale wa aneba wobadwa mwezi womwewo anali atayamba kale kukhala. Kawerengedwe kameneka amakagwiritsa ntchito mpaka mwana atakwana zaka ziwiri. Mukapita kusikelo ya ana m'dera lanu, auzeni alangizi a zaumoyo kuti anabadwa ndi masabata angati asanalembe pa tchati, kuti asamuone ngati wonyentchera pomwe akukula bwino pa msinkhu wake.